Zimene Zatseka Shawa ya Ba Mabvuto

Lolemba

Shawa yatseka. Madzi sakupita, angoima mpaka m'akakolo, otuwa, thovu likuyandama pamwamba. Ndaimamo ngati ng'ombe pa dibi.

Ba Mabvuto, mlongo wanga wamkulu, eni nyumba ino ya ku Kafue Estates, alankhula thawulo lili paphewa: "Zaka zinayi iyi shawa sinatsekepo. Wabwera iwe, miyezi itatu chabe, yatseka. Ngati ni iwe, pa Sondo uzabwerera ku Shimabala."

Ku Shimabala! Kukathirira repu m'dimba la amayi, ntchito yanga ya pa shopu yojambula mapepala n'kuisiya!

Akazi awo, Ba Mutinta, ali pakhomo la khitchini. Akungopukuta mbale imodzi yomweyo, youma kale. Ndi omwewa anandionetsa kwa alendo tsiku limene ndinafika kuti, "Uyu ni mulamu wanga wa ku mafamu, shawa akali kuiphunzira." Alendo anaseka. Ine ndinalemba mumtima ndipo sindinafufute.

Pulani:
1. Kutsegula shawa ndekha.
2. Kuona chimene chili m'katimo.
3. Kuchiika patebulo, Ba Mabvuto akuona.

N'cha yani ndikudziwa kale. Tsitsi la Ba Mulamu ndi lodaya, lofiirira ngati ndevu za chimanga. Silibisika.

Lachiwiri

Ndachotsa kasefa kachitsulo ndi nsonga ya mpeni. Fungo lake, mayo!

Koma madzi amenewa amapita kuti? Miyezi itatu ndikusamba pano, sindinadzifunsepo. Kwathu madzi osamba umawaona ndi maso akupita ku nthochi, nkhani n'kutha. Kuno amangolowa pansi osatsanzika. Ndawalitsa ndi tochi ya foni: paipi ikutsika pang'ono, kenako n'kukhota. Ikukhoteranji? Ndani amapinda paipi dala?

Maketulo awiri a madzi owira. Paipi yageya kamodzi, basi.

Chinthu chimodzi ndilembe pano, poti buku lino saliwerenga wina. Tsitsi langa lotsalira pa chipeso ndimalikankhira m'kabowo komweka. Pang'ono chabe! Nanga ndilitaye kuti? Amayi anatiphunzitsa tili ana kuti tsitsi silisiyidwa poyera, wina amatola n'kupita nalo kumene akudziwa. Kwathu timaponya m'chimbudzi chokumba. Cha kuno n'chamadzi, ukagejemula tsitsi limabwerera kudzakuyang'ana. Zinyalala za m'bini amataya ndi Ba Mulamu. Ndiwasiyire iwowo mutu wanga? Ayi ndithu.

Komabe langalo ndi lochepa. Silingatseke paipi yonse.

Lachitatu

Malangizo amene ndatola kuntchito:
Chipo, mnzanga wa pa makina: soda ndi viniga.
Kasitomala wina wa tayi: mchere wambiri.
Mayi wogulitsa vitumbuwa pakhomo pa shopu: "Itanani abusa, nyumba za ku Estates zili na vinthu."

Ndayamba ndi Chipo. Soda m'kabowo, viniga pamwamba. Thovu lakwera likulira ngati thobwa la munkoyo logonera! Zokongola bwanji! Kusekondale anatilembetsa zimenezi pabolodi zaka ziwiri osationetsa n'kamodzi komwe. Ndagwada n'kumaonerera. Ndabwereza, osati chifukwa chikuthandiza, koma kungofuna kuonanso. Ndabwerezanso kachitatu.

Soda yense watha. Madzi ali pomwe anali.

Pa chakudya, Ba Mulamu akuuza mbale yawo: "Delele lelo yakosa. Soda inayenda yeka, kaya inakwera basi."

Ine ndikungomeza nsima. Tonse tikusamba ndi ndowa, titaima m'beseni ngati makanda.

Lachinayi

Waya wa hang'ala. Ndauwongola, ndaupinda kunsonga ngati mbedza. Lero ndine msodzi, mtsinje wanga uli m'bafa.

Zimene ndawedza:
kapepala ka shampu;
kachidutswa ka sopo, kofewa ngati chinangwa chovunda;
chotsekera lezala cha Ba Mabvuto (ndasunga, mwina chidzafunika pa mlandu);
ndolo yanga imene inasowa mwezi watha. Ndinkati anatenga ndi Ba Mulamu. Chabwino, mlandu umenewo ndauchotsa, ina ikadalipo;
tsitsi.

Lakuda. Lopiringizana ndi wulu wofiira amene ndinalukira mwezi watha.

Ndalikulunga m'pepala, ndaliika pansi pa chikwama changa. Lofiirira lija liyenera kuti lili pansi kwambiri, poti linayamba kulowa kale ine ndisanabwere. Ndakankha waya mpaka pokhota paja. Ndapotoza. Ndakoka.

Wakana.

Ndakoka ndi manja awiri, phazi pakhoma. Wakana! Tsopano pakati pa shawa paima waya, wowongoka ngati mlongoti wa wailesi.

Ba Mabvuto ausuzumira nthawi yaitali. "Manje wabyala na mtengo? Loweruka nizaitana ba Tembo ba mapaipi. Chamene chizachoka umo, tizachiona tonse."

Tonse. Ndayamba kuyang'ana chikwama changa chachikulu chili pamwamba pa wadiropu.

Lachisanu

Malaiti apita masana, makina ojambula aima, abwana atiuza tizipita. Ndafika kunyumba nthawi imene sandiyembekeza. Chitseko cha bafa chili chotsegula pang'ono.

Ba Mulamu agwada m'shawa. Dzanja lina chipeso, lina kamtengo ka machesi. Akukankhira tsitsi lawo m'kabowo, m'mbali mwa waya wanga. M'shawa yotseka kale!

Ndatsokomola.

Sanadzidzimuke n'komwe. "Nanga nisiye mu bini? Miyezi itatu uniyang'ana na diso ija, kuseka na ine iyayi. Nizasiya bwanji tsitsi yanga poonekera?"

Ine?! Akuopa ine?

Poyamba mtima wapsa. Ine wa satifiketi, wa kwaya, kundiyesa wotola tsitsi la anthu! Kenako kamtima kena kakoma pang'ono, sindinama. Munthu wamkulu chonchi, wa nyumba yake, kumagwada m'bafa chifukwa cha diso langa.

Koma akuganiza kuti ndikanapita nalo kuti? Ine sindidziwa n'komwe khomo limene amalandira tsitsi. Ndiponso iwowo ndinkati akalitenga langa akachita nalo chiyani? Amayi sanafikepo pamenepo. Ankathera pa "wina amatola". Wotolayo amaliphika? Amalikwirira? Amalisunga m'botolo? Palibe anatiuzapo, koma nyumba yonse ikusamba m'beseni.

Umboni ndaupeza, ndi maso anga. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti Ba Mabvuto amva zimenezi lero. Iwo akuimirira, akupukuta mawondo: "Na wulu yofiira ija n'naiona pa waya, mulamu."

Ndatseka pakamwa.

Loweruka

Ba Tembo afika panjinga. Mdala wa imvi, ankakonza mapaipi ku njanji asanapume. Waya wanga auzula ndi pulayala kamodzi n'kamodzi, ngati akuzula bonongwe. Kenako atuluka panja! Kuseri kwa khoma la bafa kuli kadzenje ka simenti kumene paipi imatulukira, ndipo pa paipiyo pali kachitsekero kozungulira. Masiku asanu ndikugwada m'kati, khomo lili kunja.

Ndawafunsa za kukhota kuja. "Iyo kona isunga tumadzi, mwana wanga, kuti fungo ya pansi isabwere mu nyumba." Ndiye n'chifukwa chake! Amene anaganiza zimenezo anali ndi mutu.

Alowetsa waya wawo wautali wopota, akupukusa, akupukusa, akukoka pang'onopang'ono. Chikubwera. Chikubwerabe. Chatuluka chinthu chonga khoswe womira, chachitali ngati mkono wanga. Chakuda, cha wulu wofiira, chofiirira ngati ndevu za chimanga, zonse zolukana bwinobwino moti saluni singathe.

M'bafa madzi amveka akuthawa. Kukoma kwake phokoso limenelo!

Ba Mabvuto ayang'ana chinthucho, ayang'ana mutu wanga, ayang'ana mutu wa akazi awo.

Ba Tembo atenga pulasitiki kuti achiikemo, akataye popita. Tonse awiri, mawu amodzi: "Siyani!"

Mdala wachiponya pansi. Ba Mulamu akuti achitenga okha. Ayi, muli langa. Ine ndikuti ndichitenga ine. Iyayi, muli lawo. Kuchimasula sikutheka. Chonyowa sichipsa.

Ndiye chili pa fosholo, padzuwa, pakati pa bwalo. Ine pampando uku, iwo pampando uko, masana onse, kulondera tsitsi liume. Nkhuku ya aneba yayandikira, tonse taigenda. Chapsa pa mbaula cha m'ma folo. Fungo lake latulutsa anthu a nyumba zitatu kudzafunsa ngati tikuwamba mbuzi.

Ba Tembo asiya kasefa katsopano ka timabowo tating'ono, akamanga ndi masikuluwu anayi kuti mpeni usakachotse. Ati madzi owira kamodzi pa sabata, ndipo "tsitsi mu paipi iyayi, olo muopane bwanji."

Lamulungu

Ku Shimabala sindikupita. Ba Mabvuto ati, "Nikapitikisa umozi, nifunika kupitikisa bonse, manje nizadya kuti?" Chigamulo chonse n'chomwecho. Palibe wandipepesa. Palibe chimene ndaika patebulo.

Lamulo latsopano: chitini cha mkaka chokhala ndi chivindikiro, pawindo la bafa. Tsitsi la pa chipeso, langa ndi lawo, m'menemo. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tizilitentha limodzi, aliyense akuona. Ndiye kuti moyo wanga wonse wa ku Estates, sabata ndi sabata, ndizikhala pa mbaula ndi mayi amenewa.

Tatentha loyamba. Titsitsi tiwiri, sitinatenge n'kamphindi komwe. Takhalabe pomwepo, malasha akali moto. Kenako iwo, osandiyang'ana: "Ati uziba kuluka mukule. Mailo nili na miting'i ku nchito."

Akhala pamphasa, mutu wonse pakati pa mawondo anga. Lililonse lothothoka akulitola n'kulifumbata, ine ndikuwapatsira ndekha lotsalira pa chipeso.

Za alendo zija sindinakhululuke. Ndakoka mizere itatu yoyamba mpaka anena kuti mayo. Koma ndawaluka bwino.