Tsiku limene mbuzi zinanyambita chikhalidwe chathu

Mukadzafika kwathu ku Lungwena n'kuona nyumba yathu ya chikhalidwe, musadzafunse chifukwa chake khoma lake lili lofiira m'mwamba, lotuwa m'munsi. Mukafunsa, adzakulozerani ine.

Tinagwirizana m'mudzi, Asilamu ndi Aangilikani omwe, kuti timange malo athuathu ovinirapo likwata ndi beni, ana amve nyimbo zakale tisanapite nazo kumanda. Njerwa tinaumba tokha, udzu tinamweta tokha. Mkangano unabuka pa zomata. Che Yusufu, wapampando wa komiti, anati tigule simenti.

“Simenti pa nyumba ya makolo?” ndinatero ine. “Ndiye tingoitcha golosale. Ndisiyireni, ndimata mmene ankamatira amayi anga.”

“Anganga, koma chiswe mukuchidziwa?”

“Chiswecho ndi chimene chimandidziwa ine.”

(Pakamwa pangapa Mulungu sanaikepo chitseko.)

Ndinkakumbukiradi kuti amayi akamaponda dothi ankawazamo zinthu zoyera, amvekere chiswe sichiyandikira. Ndinazifunafuna m'mutu zoyerazo mpaka ndinatsimikiza kuti unali mchere. Nsomba yothira mchere siwola, nanga khoma lingaonongeke bwanji? Azimayi anasonkha mchere, aliyense kambale kake, ndipo tinamata tikuimba. Khoma linasalala ngati tsaya la namwali. Ine n'kuyamba kuyenda mothimbwidzika.

Lachisanu masana tikutuluka mu mzikiti, ndinapeza Amayi a Geresi akundidikira panjira. (Iwowa ndi Aangilikani, mnzanga wa paubwana.)

“Achemwali, fulumirani. Alendo afika tsiku lotsegulira lisanakwane.”

Abale inu! Mbuzi za mudzi wonse zitandandalika kukhoma, zikunyambita, zina zitaima ndi miyendo iwiri, maso zitatsinzina ndi kukoma. Dothi lonse mpaka m'chiuno mwangamu linali litatha, njerwa zili pamtetete. Wotsogolera anali tonde wa Che Yusufu.

Mwini tondeyo sanakalipe. Anangoti, “Anganga, tsopano simenti?”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Manyazi anga okha sakanandipha. Chimene ndinaopa n'chakuti ana athu azidzati zamakolo ndi ndiwo za mbuzi, ndipo wowaphunzitsa zimenezo n'kukhala ine.

“Kodi munathiramo chiyani?” anafunsa Amayi a Geresi. Nditawauza, anaseka mpaka kukhala pansi. “Linali phulusa! Ndinkawasefera ndine amayi anuwo, inu muli kunyanja kusambira.”

Abiti Ali, amene pamsonkhano satsegula pakamwa, anati, “Ndi dothi lomwe munalakwitsa. Lomatira ankakumba kudambo.” Winanso anakumbuka kuti ankadikira liume kaye asanazire kachiwiri. Aliyense anali ndi kachidutswa kake, koma palibe amene ndinamufunsa, popeza ndinkayesa kuti mtanga wonse ndasenza ndine.

Che Yusufu anamvetsera, kenako anati, “Mataninso. Koma mbuzi zikabweranso, simenti.”

Tinamatanso m'munsimo, uku tikukangana ndi kukumbutsana. Mbuzi zinabwera, zinanunkhiza, n'kuchoka zitakhumudwa. Ndikaganiza lero, nyumbayo inayamba ntchito yake tsiku limenelo, ng'oma isanalire n'komwe.

Komabe ndinene: m'mwambamo, momwe muli mchere wanga, chiswe sichinafikemo mpaka pano. Amayi a Geresi akuti n'chifukwa chakuti chiswe chimayambira pansi. Nsanje basi.