Nsikidzi Zathu Zaphunzira Chizungu

Kwa Olemekezeka ba Manijala,
Kampani ya Nyumba ya Mpumulo,
Kabulonga.

Bwana,

Anzanga a m'mafulati anu kuno ku Kabwata akumanena kuti munatinamiza pa chikalata munamata pageti chija. Akulakwitsa. Munalemba kuti m'nyumbazi mulibe vuto, muli chabe "bugs" pang'ono. Ine yunivesite ndinaisiyira m'chaka chachitatu, koma dikishonale ndinachoka nayo, ndipo ndikukuikirani umboni kuti simunaname.

Choyamba, zikomo potikweza. Makolo athu ankalumidwa ndi nsikidzi. Ife tikulumidwa m'Chizungu.

Chachiwiri, liwu munasankhalo ndi lotakasuka ngati bwalo la kwanu. Azungu amati "bug" ponena kachilombo kalikonse, matenda a m'mimba, vuto la pakompyuta, ngakhalenso kachipangizo komvetsera anthu mobisa. Ena ofufuza mbiri ya mawu amati kale linkatanthauza mzukwa woopsezera anthu. Koma pamene anayamba kutchula nalo tizilombo, zaka mazana anayi zapitazo, dzinali linagwera nsikidzi yomweyi. Ndiye mwalasa penipeni, bwana, osadziwa n'komwe. Zimawachitikira omaliza sukulu.

Chachitatu, tikuthokoza lamulo loletsa kuyanika matilesi pakhonde ndi kuthira madzi owira m'mabedi panja, poti zikuchititsa manyazi alendo akamadutsa. Zoonadi. Dzuwa ndi ketulo ndiwo anali mankhwala athu, koma nsikidzi nazo zimakhala m'nyumba zanu, sizingamapse ngati zilibe mwini.

Mwana wanga Shamsiya ali giredi 7. Aphunzitsi ataona zotupa m'mikono ndi m'khosi anati ndi mphere, akhale kunyumba mpaka khungu litapola, angapatsire anzake. Ndinapita kukawafotokozera kuti ndi "bugs" chabe, pang'ono. Anayang'ana khosi la mwana, Chizungu chanucho osachimva.

Opopera mankhwala sindikupempha ayi, ndine yani ine? Ndikugwada kupempha kuti mutibwereke dzuwa Loweruka limodzi lokha. Zikavuta, ndiloleni nditumize matilesi a Shamsiya ku Kabulonga, mukagonerepo sabata imodzi, kuti tanthauzo la liwu lija likakulowereni bwino.

Ine wanu wokanda mwaulemu,
Kuluthumu Ayuba,
Fulati 14, Kabwata.

Mayeso a giredi 7 ayamba Lolemba likubwerali.