Ndinadula Tepi ya Eni Ake

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba paukwati uliwonse, ndiye bola ndiikambe ndekha, manyazi ake ndithane nawo.

Ine ndine Phiri, kwathu ku Dedza, koma ndimakhala ku Njube, komboni ina ya kunja kwa dziko lathu. Ntchito yanga ndi yoperekera masilinda a gasi panjinga. Kasitomala wanga wina atandiuza za triathlon, mpikisano woti munthu asambire, apalase njinga, kenako athamange, zonse tsiku limodzi, ndinaseka. Kupalasa njinga? Ine? Anandibwereka njinga yake yampikisano, ndinakonzekera miyezi itatu, ndipo Njube yonse ndinailonjeza mendulo.

Tsikulo linali la mu Ogasiti, kuli chimphepo chija chothothola zovala pachingwe. Tili m'mbali mwa damu, ndinaona mayi wina wamfupi, wa imvi mbuu, akudziwongola uku akung'ung'udza nyimbo ya Chichewa. Nditawapatsa moni anati anabadwira ku Luveve, komboni yoyandikana ndi yathu, bambo awo anali a ku Ntcheu.

"Mwaperekeza mwana, amayi?"

"Ayi, mntanami, mwana wanga. Nanenso ndikulowa."

Chisoni chinandigwira. Pamene mkulu wa mpikisano ankafotokoza malamulo pachimkuzamawu, ine ndinali busy kuwalangiza.

"Musadzikakamize, amayi. Mukatopa ingokwezani dzanja, boti likutolani. Palibe chamanyazi."

"Zikomo, bambo. Ndikumbukira."

Wezulo inalira. Abale, madzi aja! Ozizira, komanso mafunde akundiwomba mbama. Ndinamwa theka la damu. Potuluka ndinapeza njinga zatsala zochepa chabe. Amayi aja sindinawaone. Ndinati basi, boti lawatola, bola ali moyo.

Msewu wa njinga unali wopita kumapiri a Matopo, kukatembenuka n'kubwerera. Chitunda chikatha, china chayamba. Mphepo ikukankha pachifuwa ngati ndanyamula masilinda asanu. Ndili pakati pa chitunda chachikulu, lilime panja, anzanga otsogola akutsika kale mbali inayo, vuu! vuu! nkhope zobisika m'mahelimeti ndi magalasi. Mwadzidzidzi anthu a m'mbali mwa msewu anayamba kukuwa.

"Phiri! Phiri! Hamba, Phiri! Pita!"

Ha! Mpaka kuno akundidziwa? Ndinati gasi wanditchukitsa. Ndinakweza dzanja kuwabayibitsa, mphepo n'kutsala pang'ono kundiponya m'ngalande. Koma mphamvu zinabwera, ndinapalasa ngati ndangoyamba kumene.

Pofika pothamanga miyendo inali ngati yobwereka. Njira yake inali yozungulira damu, ndi kachitunda kena koipa mtima chakumapeto. Ndinayenda, ndinathamanga, ndinapemphera. Nditangokwera kachitundako ndinaona chigulu cha anthu, mbendera, ndi atsikana awiri akutambasula tepi pa finish. Phokoso linabuka.

"MaPhiri! MaPhiri! Gijima! Thamanga!"

"Ma" uja sanandivute. Ndinati ndi ulemu wa kuno, akundichulukitsa.

Ndinaona mkazi wanga ndi anansi athu, amene anabwera atadzaza kombi, minibasi ya kuno, akundikodola ndi manja onse, akuloza kumanzere. Ndinati taonani chimwemwe! Bambo wina wa jekete lachikasu anandiimirira kutsogolo, ndinamuzemba. Ndinafutukula chifuwa, manja m'mwamba, tepi ija thu! Ndinagwada, n'kupsompsona dothi.

"Suka! Suka lapho!" ojambula zithunzi anakuwa. "Choka, ukutchinga!"

Nditacheuka ndinaona amayi aja a imvi akulowa, akuthamanga mowongoka bwino, mapazi akugunda pansi mopepuka ngati mtsikana wa sukulu. Tepi yawo inali itandikulunga ine m'chiuno. Chimkuzamawu chinalengeza kuti MaPhiri wa ku Luveve ndiye woyamba mwa amayi onse. Kuno mayi wobadwa kwa a Phiri amamutcha MaPhiri. Ndiwo ankatsika chitunda chija ine ndikubayibitsa.

Wa jekete lachikasu anandigwira mkono.

"Baba, ma lap ndi atatu, kuzungulira damu katatu. Inu mwazungulira kamodzi. Simunamve malamulo?"

Mkazi wanga anali ataphimba nkhope ndi chitenje. Anansi akugwirana mapewa ndi kuseka. Ndinayamba kumasula nambala pachifuwa kuti ndizipita kwathu, ngakhale ku Dedza komwe.

Dzanja lina linandigwira. Anali MaPhiri, mendulo ili m'khosi, akupuma ngati angochokera kukagula tomato.

"Iwe ndiwe Phiri?"

"Eya, amayi. Pepani, tepi yanu..."

"Tepi si kanthu. Koma kwathu kwa a Phiri sitisiyira panjira. Bweza nambalayo. Asambe, tiye."

Anavula mendulo, n'kupatsira mkazi wanga kuti awasungire, ndipo anabwerera nane m'njira. Munthu woti wasambira, wapalasa mapiri onse aja, wathamanga mpaka kupambana, anazunguliranso damu kawiri chifukwa cha ine! Mphepo ikamawomba kutsogolo ankandiuza kuti ndiweramitse mutu, ndifupikitse mapazi. Ankandikambira za adzukulu awo, za ntchito yaunamwino imene anapuma, za mmene anaphunzirira kusambira ali kale ndi ana anayi. Ine yankho langa linali "hee... hee..." basi.

Pakachitunda komaliza ndinaima, manja m'mawondo. Iwo anapitirira pang'ono, n'kumathamanga pamalo amodzi kundidikira.

Ndinamaliza womaliza, anthu akupinda kale mbendera. Komabe amene anatsala anaimba m'manja mwamphamvu, ndipo ulendo uno ndinadziwa bwino kuti ankaimbira MaPhiri. Ndinagwa chagada paudzu, kumwamba kukuzungulira. MaPhiri anandiweramira, n'kuyang'ana wotchi yawo.

"Wachita bwino, mntanami. Ndipo wandithandiza. Adokotala anandiuza kuti ndikamaliza mpikisano ndiziyenda pang'onopang'ono, thupi lizizire."

Kuyambira tsiku limenelo, anthu akamakuwa dzina langa ndimayamba ndacheuka kaye.