Chitseko cha a Bwerezani

Ndikupempha owerenga kuti andilole kufotokoza za malemu a Bwerezani, munthu amene sanakhulupirirepo kuti chinthu chingachitike bwino ulendo woyamba. Dzina lawo lenileni linalipo, koma linachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Mumsewu wathu munthu akagwa panjinga, kapena akathamangitsidwa ndi galu, ankamva mawu kumbuyo kwake akuti, "Mwachita bwino, koma bwerezani!" Akacheuka ankapeza bambo wamfupi wa chipewa chopendekeka, diso lina litatsinzina, lina lili pakamera.

Luso la kanema analiphunzira m'nyumba yoonetsera mafilimu, imene lero amasungiramo matabwa. Ntchito yawo inali kuyendetsa makina ndi kulumikiza filimu ikaduka, pogwiritsa ntchito lumo ndi guluu. Ankakonda kutiuza kuti makedzana mafilimu analibe mawu, ndipo ankaonjezera, akuyang'ana amayi ogulitsa makala, kuti anthu ena zikanawayenera kubadwa nthawi imeneyo. Nyumbayo itatsekedwa anagula kamera ya makaseti nayamba kujambula maukwati. Akaona achinyamata ojambula ndi foni yoimiritsa, ankawafunsa mwaulemu kuti, "Kodi inu maso anu anasanjikizana, lina pamwamba lina pansi?"

Paukwati wa mwana wa kalipentala, mkwati atangomuveka mphete mkwatibwi, anthu akuwomba m'manja, a Bwerezani anakweza dzanja.

"Abusa, pepani. Ntchentche inatera pagalasi. Avule, amuvekenso."

"Bambo, chimene Mulungu wamanga..."

"Sindikumasula ayi, abusa. Ndikungolimbitsa mfundo."

Tsiku lina anthu anagwira mbala imene inaba wailesi ya osoka nsapato. A Bwerezani anafika mochedwa, ali wefuwefu.

"Abale anga, mumagwira bwanji munthu kamera isanafike? Mtayeni! Iwe, bwerera pangodya paja, uthamange ngati poyamba. Wailesiyo ikhale kumanja."

Anthu, pokhala ozolowera, anamvera. Mbalayo inabwereradi pangodya, nithamanga mogometsa, koma molowera kwina. A Bwerezani anatsitsa kamera napukusa mutu. "Luso ali nalo mnyamatayu," anatero, "koma samva malangizo." Osoka nsapato sanawapatse moni mpaka mvula itagwa.

Komabe ntchito ya moyo wa a Bwerezani inali filimu yawoyawo. Nkhani yake inali yosavuta. Mwamuna apita kutali kukafuna ntchito, mkazi adikira, pomaliza mwamunayo abwera, agogoda, mkazi atsegula chitseko, awiriwo agwirana manja. Gawo la mkaziyo anapatsa akazi awo enieni, amene tonse timawatchula kuti alamu. Gawo la mwamuna linagwera ometa tsitsi a pafupi ndi chigayo. Ine ndinalemekezedwa ndi udindo wogwira lata lonyezimira, loponyera kuwala kwa dzuwa pankhope ya alamu. Zigawo zonse zinajambulidwa m'chilimwe chimodzi, kupatula chomaliza, cha pachitseko.

M'kabuku kena ndinawerenga kuti chinthu chikaoneka m'chigawo china cha filimu, chiyenera kuoneka chimodzimodzi m'chigawo chotsatira. A Bwerezani lamulo limeneli analisunga koposa malamulo onse a m'Baibulo. Chitseko chawo chobiriwira sichinaloledwe kupentedwanso. Alamu anayenera kusunga diresi lawo lachikasu. Ometa, amene sabata yoyambira kujambula anali ndi ndevu chifukwa cha ulesi chabe, analetsedwa kuzikhudza mpaka filimu idzathe.

Loweruka lililonse masana tinkasonkhana pakhomopo.

"Khalani chete! Tayamba!"

Ometa ankagogoda. Alamu ankatsegula, namwetulira. Ometa akangoti atambasule dzanja, mawu aja ankamveka.

"Imani! Bwerezani. Dzuwa ili silikufanana ndi lija."

"Achimwene," ankadandaula ometa, "dzuwa ndi lomwelo. Munamva kuti analisintha? Ine makasitomala akundithawa. Ndani angamete kwa munthu wooneka ngati tchire losapsa?"

"Pirirani. Mbiri idzakukumbukirani."

"Mbiri siyabwa, achimwene. Ndevu zimayabwa."

Alamu nawo sankasowa chonena. "Abambo, diresi ili lasiya kutseka kumbuyo. Mukufuna ndikomoke?"

"Kumbuyo kamera siona, mayi. Gwirizani ndi mapini."

"Nanga chitsekochi? Alendo akumayesa tinasamuka kalekale. Malizani filimu yanuyi, ndidzioneko ndisanafe, ndipentenso chitseko changa ngati akazi anzanga."

"Loweruka likubwerali, mayi. Ndaona mitambo, ikulonjeza."

Zaka zinapita. Utoto wa chitseko unafundukafunduka. Ndevu za ometa zinachita imvi, ndipo a Bwerezani ankazidetsa okha ndi polishi ya nsapato. Mwana wamkazi wa a Bwerezani, amene poyamba ankaonerera ali kumsana, anakula napeza ntchito yolumikiza makanema pakompyuta. Ine phewa langa lamanja linatsika chifukwa cha lata, ndipo ndi lotsika mpaka lero. Koma dzuwa silinafananepo ndi lija.

Matenda amene anagwira a Bwerezani anali a masiku ochepa. Ndinali pomwepo namwino atawabaya jakisoni. Anatsegula diso limodzi nati, "Mwachita bwino, mwanangu, koma..."

"Musayerekeze!" anatero alamu.

Mmawa mwake anatisiya, filimu isanathe.

Patapita miyezi, mwana wawo uja anatenga katoni ya makaseti nakawalumikiza kuntchito kwake. Anatiitana Loweruka masana, natchinga mazenera a pabalaza ndi mabulangete. Ometa anakhala kutsogolo, ndevu zitapesedwa ndi kupakidwa polishi watsopano. Tinaonera mwamuna akutsazika, tinaonera mkazi akudikira. Tisanafike kumapeto mwanayo anaimitsa filimu.

"Makolo anga, chigawo chomalizachi ndalephera kusankha. Ndangoika zonse motsatana."

Kugogoda kunamveka, chitseko chobiriwira chinatseguka, ndipo panaoneka mayi wachitsikana akumwetulira. Kugogoda kunamvekanso, chitseko chinatsegukanso. Chinapitiriza kutseguka, utoto ukutha pang'onopang'ono, diresi likuthina, tsitsi likuyera, koma kumwetulira kuli komweko. Nkhope ya alamu inkadzaza chithunzi chonse.

Ometa anayamba kutekeseka pampando.

"Mwanangu, ine ndili pati?"

"Amalume, ndafufuza makaseti onse a pachitseko. Muli chala chanu chimodzi, pena pake chapakati."

"Chala? Ndevu zanga zili kuti?"

"Sizinalowe, amalume."

"Ndamwa tiyi wonunkha polishi zaka zonsezi chifukwa cha chala?"

Pabalaza panagwa chiphwete. Osoka nsapato anaseka mpaka kugwa pabenchi, akunena kuti tsopano za wailesi ija akhululuka. Alamu nawo anaseka, akupukuta maso ndi nsonga ya mpango, kenaka anayang'anitsitsa filimuyo. Apa ndi pamene tonse tinaona chimene ine wogwira lata sindinachione zaka zonsezo. Chitseko chikatseguka, maso a alamu sankapita kwa wogogodayo. Ankamulumpha, nakatera kwa munthu amene anali kuseri kwa kamera.

"Nkhalamba yabodza iyi," anatero alamu motsitsa mawu. "Dzuwa linalibe mlandu."

Ometa anameta ndevu mmawa mwake, ndipo adzukulu awo analira powaona, poyesa kuti ndi mlendo. Mumsewu wathu tsopano zinthu zimachitika kamodzi kokha. Munthu amagwa panjinga, nadzuka, nasasa fumbi, napita, popanda womuyamikira. Akwati amavekana mphete mofulumira ngati akuthawa mvula. Loweruka masana ine ndimapezeka nditavala nsapato, osadziwa kopita.

Sabata yatha tinagwirizana ndi ometa kuti tikwaniritse khumbo la alamu. Ndinanyamula chitini cha penti wobiriwira ndi burashi, ndinakagogoda. Anatsegula, namwetulira, ndipo maso awo anadutsa paphewa langa lotsika lija, nadikira pang'ono.

"Tabwera kudzapenta chitseko, alamu," ndinatero.

Anayang'ana chitinicho, anayang'ana kumwamba, nagwira chitseko chawo chofundukacho, nati kwa ine:

"Mwachita bwino, alamu. Chiikeni pakhondepo. Lero dzuwa silikufanana ndi lija."