Rozi wa Mayi Nankhoma ndi Wapampando wa Nyanga

Atsikana anzanga, ndiyambira kumapeto chifukwa mtima sukundilola kudikira: rozi wa Mayi Nankhoma waphuka, ukwati wa Sungeni ulipo mawa, ndipo wapampando watsopano wa komiti ali ndi nyanga ziwiri ndi kandevu. Imani kaye ndipume, ndathamanga njira yonse.

M'mudzi wina, umene dzina lake ndalisiya dala kunyumba, munali Mayi Nankhoma ndi duwa lawo la rozi. Kanthambi kake anakapempha ku parishi, nakadzala pafupi ndi thandala kuti madzi otsukira mbale asamapite pachabe. Nyengo yozizira ikamatha ankadulira nthambi zakale ndi mpeni, kuthira manyowa a m'khola, ndipo nsabwe zikagwa m'masamba ankawaza madzi a sopo. Rozi naye sankachita mwano, ankaphuka ofiira ngati magazi. Mayiwa anali atalonjeza mwana wawo Sungeni kuti pa ukwati wake adzagwira maluwa a pakhomo, osati apulasitiki obwereka aja amene anagwira kale akwatibwi onse a m'mudzimo mpaka kusuluka.

Tsoka linabwera pa galimoto yoyera. Mayi wina wa bungwe linalake anatsika, nanunkhiza duwa lija, nalijambula pafoni, n'kumapita. Basi.

Koma a Chidzanja anaona. Awa anali Wapampando Wosasinthika wa Komiti ya Chitukuko, Ukhondo ndi Zina Zimene Zingabwere.

"Mayi," anatero atafika ndi komiti yonse, "tikukuyamikirani. Kuyambira lero duwa ili si lanunso. Ndi Duwa Lachitsanzo. Mabungwe alikonda."

"Nanga ukwati wa mwana wanga, bambo?"

"Nkhani imeneyo tidzaikambirana pa zina ndi zina."

Malamulo anagwa ngati matalala. Mpeni usayandikire duwa, chifukwa kudula nthambi ndi kubweza chitukuko m'mbuyo. Manyowa ayi, alendo angamve fungo n'kutiyesa osauka. Madzi azithiridwa tsiku la msonkhano lokha, pemphero lotsegulira likatha. Wina anadandaula kuti duwa lolemekezeka chonchi likupsa ndi dzuwa ngati munthu wamba. A Chidzanja anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mitu yonse ya komiti inasenzadi denga la udzu n'kukalikhazika pamwamba pa rozi. Anaikanso mlonda, a Sikelo, amene anapatsidwa udindo wa Mkulu Woteteza Minga.

Rozi anatalika n'kuonda ngati mwana wa kuboding'i. Masamba anachita chikasu, nsabwe zinamanga mudzi wawo, duwa ngakhale limodzi osaoneka. Mayi Nankhoma ankatsuka mbale akuyang'ana kumbali. Tsiku lina anayesa kutaya madzi molakwitsa dala.

"Mayi, ndaona," anatero a Sikelo.

"Dzanja laterereka, achimwene."

"Lizitererekera uko. Ine ndili ndi ana."

Ukwati unali kuyandikira. Sungeni anati, "Amama, musadandaule, ndigwira apulasitiki omwewo." Mawu amenewo anawabaya mayi ake kuposa minga.

Tsono a Sikelo anali ndi mbuzi yaikazi, yamawanga, yosamva ndodo, imene inkawalondola kulikonse. Masana ena Mkulu Woteteza Minga anagona tulo mumthunzi wa denga lija, popeza panalibe mthunzi wabwino ngati umenewo m'mudzi monse. Mbuzi inadzikanda pa mzati, denga linagwera mbuye wake, ndipo a Sikelo asanadzivundukule m'maudzumo iyo inali itadya nsonga zonse, masamba ndi nsabwe zomwe. Pochoka inasiya chiphaso chake patsinde, timibulu takuda tambirimbiri.

Mlandu unazengedwa pabwalo, mbuzi itamangidwa pa mtengo wa mango.

"Aliyense amve," a Chidzanja anakweza chala. "Chilichonse chimene chachitika pa duwa lija ndi ntchito ya mbuzi iyi. Komiti sinaikepo dzanja. Ndabwereza, sinaikepo dzanja."

Chigamulo chinali chachangu: mbuzi iphedwe, idyedwe ndi komiti kuti mbuzi zina zitengerepo phunziro. Chovuta chinali chiwindi. Wapampando anati n'chake mwa udindo. Mlembi anati amene amalemba zigamulo amafunika magazi ambiri. A Sikelo anati mbuzi ndi yawo, kotero chiwindi n'chachibale. Anasankha kakomiti koona za chiwindi, ndipo nako kanagawikana pa nkhani ya mthumbwana. Masabata anapita, mbuzi ikunenepa ndi mango akugwa.

Nthawi yonseyi pa duwa panalibe mlonda, panalibe denga, panalibe lamulo. Dzuwa linayambanso kumuwalira rozi. Mayi Nankhoma anasalaza ndi mpeni pamene mano a mbuzi anasiya mokhadzuka, anakwirira timibulu tija, ndipo dzanja lawo linayamba kuterereka m'mawa uliwonse. Kunatuluka mphukira zofiirira, kenako timitu, kenako, atsikana inu, maluwa oti kuwawerenga mpaka kusokonezeka. Fungo linkafika kuchigayo.

Dzulo galimoto yoyera ija inabweranso. Mayi wa bungwe anagwira pakamwa.

"Ndani wagwira ntchito yokongola chonchi? Ndikufuna ndijambule mtsogoleri wake."

A Chidzanja anali atayamba kale kukonza kolala. Mayi Nankhoma anagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi.

"Pepani alendo, bambo Wapampando ndi munthu wachilungamo. Ananena okha pabwalo, kawiri, kuti komiti sinaikepo dzanja. Mtsogoleri wake ndi uyo ali pa mango."

Nthungululu zinaphulika. Pomwepo anthu anati chisankho chichitike, ndipo anafola kumbuyo kwa mbuzi mpaka mzere unakhota. Kumbuyo kwa a Chidzanja kunaima akazi awo okha, nawonso akusuzumira mzere winawo.

Lero Wolemekezeka Mbuzi yasamutsidwira pansi pa denga lija. A Sikelo ndi mlonda wa chiweto chawo chomwe, ndipo a Chidzanja adzisankha kukhala Mneneri, kuti ikati "mee" iwo azimasulira. Lamulo loyamba limene amasulira ndi lakuti Wapampando asayandikirenso duwa, ntchito zotero n'zonyozetsa udindo. Chikhalireni pampando mbuziyo sinagwire ntchito ina iliyonse. Ikungodya madeya a msonkhano.

Mayi Nankhoma akuti ameneyu ndiye wapampando wabwino kuposa onse, chifukwa ali kutali ndi rozi wawo. Ndawasiya akudula maluwa a Sungeni ndi kuwaika m'ndowa ya madzi, akuimba.

Ndiye mawa mubwere mudzaone nokha, mulawire. Mkwatibwi akamatuluka mudzanunkhize ndithu, si apulasitiki. Koma amene muvale maluwa kumutu musadzakhale kutsogolo. Wapampando waitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, ndipo mpando wake uli mzere woyamba.