Ulendo wa ku Copenhagen ndi Katundu wa Eni Ake

Lolemba

Mai a Tadala ali ku Copenhagen! Mkazi wanga yemweyo, namwino wa kachipatala ka kwathu ku Mponela, awatumiza kumaphunziro a azamba mpaka Lamulungu. Ndimayesa nkhambakamwa, koma lero chithunzi chafika: aima pa mlatho, mpango mpaka m'mphuno.

Voice note yawo: "Bambo a Tadala, si inunso muli kunja konkuno? Bwerani mudzandione."

Zoonadi! Kunja ndi kunja. Pa mapu a mufoni, Doha kuno ndi Copenhagen zikukwana pakati pa zala ziwiri. Tadala ndinamusiya akukwawa, pano akuti amayankha amake mwano, ndipo nthawi yonseyi mkazi wanga ndimangomuonera pa galasi la foni. Ndikupita basi.

Lachisanu ndi off yanga, ndipempha Loweruka. Zokaona:
- nyumba zopenta mitundumitundu za m'mbali mwa madzi
- alonda anzanga a kunyumba yachifumu, a zipewa zazitali zaubweya (ndikawafunse ngati overtime amawapatsa)
- njinga, akuti ndi mabwana omwe amapalasa, dziko la akabaza okhaokha!
- Mai a Tadala. Zinazo kaya zisaoneke.

Lachiwiri

Pakamwa panga! Ndangouzako a Nkhoma okha, madala oyendetsa basi amene ndimagona nawo chipinda chimodzi. Pobwera kuntchito ndikupeza Mmalawi aliyense wa m'dera lathu la Old Airport akudziwa kale.

Za Copenhagen palibe akufunsa. Onse nkhani ndi imodzi: "Alamu akubwerera kumudzi eti? Kaphukusi kakang'ono chabe."

Kaphukusi kakang'onoko ndi aka:
- bulangete la double
- mafoni, lililonse dzina lomata ndi selotepi
- nsapato za mwana, zazikulu dala kuti akuliremo
- perefyumu amene wayamba kale kudontha

Ungakane bwanji? Chaka chatha ndine ndinasenzetsa a Nkhoma ayironi mpaka ku Dowa.

Mai a Tadala akuti kumeneko kukuzizira koopsa. A Nkhoma andibwereka chijekete chawo chakale cha ku Joni. Ndachivala, ndatsegula AC mpaka kumapeto, ndaima pansi pake kuyeserera. Mnyamata wachifilipino wa bedi lapamwamba wandifunsa ngati ndili ndi malungo.

Lachitatu

Ndapempha tchuthi kwa mudiru, bwana wathu wa masecurity. Ndalongosola bwinobwino, chithunzi cha pa mlatho ndamuonetsa. Yankho: "Bukra, inshallah." Bukra wa bamboyu ndimamudziwa, ndi mawa losafika.

Tsiku lonse pa geti la mall ndikungoganiza moni. Ndikawakumbatire pagulu ngati azungu? Kapena dzanja basi, monga tinaleredwera? Ndikuopa kuti ndikangowaona ndilira, ndili mu chijekete cha eni ake.

Katundu wawonjezekera. Esnart, wantchito ya m'nyumba ku Al Muntazah, madam ake samulola kutuluka, ndiye watumiza rice cooker pa taxi. Ya amayi ake, ku Ntcheu. Ntcheu ndi Mponela! Bedi langa ladzaza. Ndikugona chopinda miyendo, mutu pa bulangete la munthu wina.

Ndawasowa Mai a Tadala. Ndasowa ndi kulongolola kwawo komwe.

Lachinayi

Ndathamangira kwa wogulitsa matikiti ku Umm Ghuwailina. Ndakhala pampando ngati bwana: Copenhagen, kupita ndi kubwerera.

"Visa?"

Ndatulutsa ID yanga ya Qatar. Waiyang'ana. Wandiyang'ana. Waitana mnzake kuti nayenso adzandione.

Akuti kumeneko kumafunika visa yakeyake. Kalata ya kuntchito, ya kubanki, inshuwalansi, booking ya hotelo, kenako appointment yokajambulitsa zala, ndipo yapafupi ili mwezi wa mawa. Ndati mkazi wanga akuchokako Lamulungu. Iye: "Khalas, my friend." Kumeneko n'kuti zatha.

Kani kunja kuli ndi makunja ake! Ine ndimayesa ukangodutsa pa Lumbadzi, kwina konseko n'kungokwera.

Mai a Tadala sindinawauze. Atumiza chithunzi cha benchi yopanda munthu pafupi ndi maboti: "Apa ndi pamene tidzakhale." Ndayankha ndi kachala ka thumbs up ngati chitsiru.

Lachisanu

Pano ndikanakhala m'mwamba. Ndili pa bedi, rice cooker pamiyendo.

Ndawauza. Mai a Tadala anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Chabwino, Bambo a Tadala. Tsitsi lokha ndinamangitsa dzulo, ndipo kuno kumanga tsitsi si masewera." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Foni itangodulidwa, meseji ya mudiru: tchuthi cha Loweruka chavomerezedwa. Bamboyu chiyambireni sanavomerepo kanthu, wasankha lero!

Eni katundu ndawadziwitsa pa gulu la WhatsApp. Pepani palibe. Mmodzi walemba: "Ndiye bulangete lija lipita bwanji?" Wina: "Munayenera kufufuza kaye, achimwene." Wobwera kudzatenga chake palibenso. Akuti chikhale konko, mwina ndipeza njira ina.

A Nkhoma atenga chijekete chawo mwakachetechete.

Loweruka

Mulungu sagona! Mai a Tadala atumiza chithunzi cha tikiti yobwerera kuti ndione nthawi yofikira ku Lilongwe. Ndikuwerenga, ndikupukuta maso, ndikuwerenganso. Popita anadzera ku Addis, koma pobwerera akusinthira ndege ku DOHA! Mawa m'mawa! Iwo sanaone n'komwe, akuti tizilembo titatu toimira Doha pa tikitipo amayesa nambala ya mpando.

Pulani yatsopano:
- kusinthana shift ndi mnzanga wa ku Nepal (wavomera kundigwirira mpaka masana, ine ndidzamugwirira Lachisanu)
- kumeta
- kusita malaya anga oyera
- kuwagulira madeti (zipatso zotsekemera za kuno) abwino, osati a promotion

Gulu la WhatsApp ladzukanso. Omwe aja a "munayenera kufufuza" pano akuti ndine munthu wa Mulungu. A Nkhoma amanga katundu yense m'zikwama ziwiri, achita kukhalira pamwamba kuti zipi itseke.

Ndafunsa ngati munthu wongodutsa amaloledwa kutuluka panja. A Nkhoma akuti, "Mukaona konko." Sindifufuzanso. Ndikafufuza zinthu zimawonongeka.

Lamulungu

Sitima ya metro yam'mawa mpaka kubwalo la ndege, chikwama uku chikwama uku, madeti kukhwapa.

Mai a Tadala afika. Ali mkati, mbali ya ongodutsa. Kutuluka sangatuluke: pepala lolowera m'dziko alibe, ndipo ndege yawo yodzera ku Nairobi siwadikira. Ine kulowa sindingalowe. Ndachonderera mlonda wa pakhomo, yunifolomu ngati yanga yomwe, mwina ndi nsapato zomwe n'zofinya ngati zanga. "No ticket, no entry, boss." Mawu omwewo, nkhope yomweyo imene ine ndimaonetsa anthu pa geti tsiku ndi tsiku. Sindingamudandaule.

Ndakhala pa chikwama cha mabulangete, tayimbirana video. Denga limodzi, foni yomweyo ya masiku onse. Chilengezo chikamveka kuno, ndikuchimvanso m'foni mwawo. Tsitsi lija ndaliona, n'lokongoladi. Ndawauza. Iwo akuti malaya ndasita bwino, koma ndaonda.

Katundu ndibwerera naye. Copenhagen akhale konko ndi njinga zake.

Atayitana ndege yawo anaimirira, nati moseka: "Ndiye mlendo wafika mpaka pakhomo panu, Bambo a Tadala, osamupatsa ndi madzi omwe?"

Ndinaseka nawo. Kenako onse tinasiya kuseka, ndipo palibe amafuna kuyamba kudula foni.

Anadula ndi iwo. Shift yanga ikuyamba masana.