Penti Wosauma Pabalaza Panga

Lolemba
Mapemphero a amayi a chigawo chathu achitikira kwanga Lamulungu likubwerali, koyamba chisamukireni kuno ku Chilomoni. Pabalaza pansi ndi pa matabwa, otuwa ngati zidendene za mu Julaye. Amayi akagwada aziyang'ana zimenezi? Ndagula penti wofiira kumsika, wondithirira m'botolo la mafuta ophikira. A Likaka, eni nyumba, sindinawauze. Si bodza, n'kungokhala chete. Ambuye mukudziwa.

Lachiwiri
Mipando yonse pakhonde. Ndasesa, ndakolopa, kenako ndapaka polishi wanga wa makandulo ndi palafini mpaka matabwa waliwali. Mlendo salandiridwa pauve, ngakhale akhale penti. Masana ndapenta. Pakongola! Ndaima pakhomo n'kumaganizira nkhope ya Mayi Nampinga, apampando athu, akadzaona. Kunyada kumeneku ndikulapa.

Lachitatu
Sanaume. Kunja chiperoni, mipando ikunyowa. Kuchipinda ndikulowera pawindo, siketi m'manja, mzimayi wa msinkhu wanga.

Lachinayi
Sanaumebe. Zomwe zamatirirapo: ntchentche, mzere wathunthu wa nyerere, patapata wanga wakumanzere. Ndabwerera kwa wogulitsa penti uja. "Munayamba mwapaka polishi? Mayi, ameneyo adzauma Yesu akubwera." Ndamudzudzula potchula dzinalo pachabe.

Lachisanu
Ndikusala kudya. Ndaika mbaula pakhomo kuti kutentha kulowe, mphepo yauluzira phulusa m'kati. Tsopano pansi pali mawangamawanga ngati nkhanga. A Likaka aona mipando. "Mukusamuka osatsanzika kodi?" Ndati ndikuthamangitsa nsikidzi. Ili ndiye bodza lenileni, ndipo puloti yonse yamva kuti ndili ndi nsikidzi.

Loweruka
Ndaimbira Mayi Nampinga kuti mwina tisinthe malo. "Satana asakufooketse, mwana wanga. Tikubwera, ndi yunifolomu yomwe." Yunifolomu yathu ndi yoyera. Ndabwereka mikeka kwa oyandikana nawo, ndayala pamwamba pa penti. Sakuoneka. Fungo lokha.

Lamulungu
Abwera onse, zovala mbee. Tagwada pamikeka. Mayi Nampinga akupempherera odwala, amasiye, ana olemba mayeso, atsogoleri a dziko mmodzimmodzi, ine ndikumva penti akukwera m'mipata ya mkeka. Ndikupempha chinthu chimodzi, kuti afupikitse. Sanafupikitse. Podzuka kwamveka ngati akung'amba nsalu. Aliyense mizere yofiira m'mawondo; agogo amene sagwada, amangokhala pansi, kumbuyo konse. Palibe wakalipa. Bola akanakalipa. Tiyi amwa ali chiimire, akuyamikira mandasi.

Potuluka Mayi Nampinga andigwira dzanja nthawi yaitali. "Mwezi wamawa tidzakumananso konkuno, mwana wanga. Zovala zaonongeka kale, tisakadetse mipando ya ena."

Ndavomera. Ndikanati chiyani? Mikeka ya eni ake yakana kuchoka pansi.